Zikhomo M'munda wa Mayi

Chigwembe cha kuseri kwa nyumba yathu ku Bangwe chinayamba ngati kanjira. Tili ana tinkakwera nako phiri popita kumunda kwa mayi, ndipo mvula ikagwa madzi a m'mizere ankatsikira momwemo osapsetsa munthu mtima. Chaka cha namondwe wa Freddy kanjira kaja kanayasama. Kanameza mtengo wa mapeyala, kanameza chimbudzi cha aneba, n'kudzaima pafupi ndi khoma la kuchipinda kwathu, moti madzi otsukira mbale ndinkangokhuthulira momwemo nditaima pakhonde lakuseri.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ine ndine Petronela, ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina pamsika, koma mwezi wa Okutobala ukangolowa phazi limakhala pamakina, maso ali kuthambo. Kamtambo kakangodutsa pamwamba pa phiri ndimakhotetsa msoko. Makasitomala anafika pondizolowera. Wina anachita kundiuza kuti ndingosiya utelala ndikafunsire ntchito kwa azanyengo.

Anthu amene vuto silikuwakhudza ndi akatswiri popereka malangizo. Aliyense ankati samukani. Kusamuka kupita kuti? Nyumba imeneyo amuna anga a Marko anaimanga ndi manja awo, njerwa kuumba okha, kuwotcha okha, masana akaweruka kuntchito ya ulonda ku Limbe, pomwe alonda anzawo ankakhala akugona. Simenti inangokwanira pansi, makoma anamangira dothi. Kenako sitiroko inawagwetsa. Mwendo ndi dzanja lakumanja zinafa, lilime linayamba kulemera, ndipo kuti atuluke panja pankafunika munthu wowanyamula. Pa zonse zimene anavutikira padziko pano, chowoneka chimene anatsala nacho chinali nyumbayo.

Madzi onse olowa m'chigwembemo ankachokera m'munda wa malemu mayi athu, umene uli pamwamba penipeni pa nyumba yathu. Mayi anasiya ana awiri, achimwene anga a Gregorio ndi ine. Mundawo sunagawidwe. Ine ndinkalima chakumunsi, iwo ankatumiza aganyu kudzalima chakumtunda, ndipo pakati panalibe chizindikiro chilichonse kupatula kuzolowera. Kwathu kwa Alhomwe munda umatsata ana aakazi, mwamuna amangoyang'anira monga mwinimbumba, koma kuno kutauni mwambo munthu amaukumbukira pokhapokha ukamukomera. Tsiku lometa maliro a mayi, achimwene anaimirira pakati pa abale n'kunena kuti pasapezeke munthu wokhudza mundawo iwo osadziwa. Polankhulapo maso awo anali pa ine. Kuchokera tsiku limenelo moni wathu unali wa pamaliro ndi paukwati basi.

Ndiye kunabwera alangizi a zaulimi. Anatiitanitsa pabwalo la tchalitchi tonse olima m'phiri, n'kutiuza kuti boma lakhazikitsa ndondomeko yothandiza alimi kusunga nthaka ndi madzi. Mlangizi wake anali mayi wamfupi woyenda panjinga yamoto, a Clara, wolankhula mothamanga ngati minibasi ikuwasiya. Anati mizere yathu yoloza kumunsi ija si mizere, ndi misewu ya madzi. Anati boma lipereka udzu wa vetiva, makasu ndi mapiki, koma kwa alimi okhala m'gulu, ndiponso munda uyambe wakhomedwa zikhomo zosonyeza modutsa akalozera. Akalozera ndi mizere ikuluikulu yopingasa phiri, imene imagwira madzi kuti alowe pansi m'malo mothamangira kunyumba za anthu.

"Madzi timawagwira kumtunda asanayambe liwiro," anatero a Clara. "Mukayambira kumunsi, kumtunda kuli pululu, kalozera wanu adzaphulika ndipo zidzaposa kale. Ndiye tiyambira pamwamba kumatsika."

Bambo wina anakweza dzanja kufunsa za makuponi a feteleza. A Clara atayankha kuti zimenezo ndi za tsiku lina, theka la anthu linakumbukira kuti lasiya ntchito kunyumba. Ine sindinadikire kuti amalize. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Alangizi, yambani ndi munda wathu."

"Mundawo ndi wanu, amayi?"

"Ndi wa mayi anga. Anamwalira."

Anandiyang'ana kanthawi. "Abale mwawauza? Nkhani za minda ndakumana nazo ine."

"Ndiwauza."

Ndinayesadi. Achimwene ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande, ndipo nditaimba foni chimene ndinamva kwambiri ndi kulira kwa makina odulira chitsulo. Anati ali bize, andiimbira. Sanaimbe. Tsiku lina ndinayesanso, foni inangolira mpaka kudula yokha. Pamenepo ndinaleka. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu amachita kupempha chilolezo kuti atchinge madzi olowa m'nyumba mwake?

Tsiku lokhoma zikhomo a Clara sanabwere panjinga. Poti munda wathu unali woyamba, wophunzirirapo, anabwera pagalimoto ya boma ndi anzawo a kuofesi, onse atavala majekete owala aja. Anatulutsa ndodo ziwiri, chingwe chachitali ndi kalevulo konga ka amisiri omanga nyumba. Wina agwire ndodo apa, wina asunthe ndodo inayo mpaka kadontho ka m'kalevulo kaime pakati, kenako chikhomo pansi. Tinayambira pamwamba, mbali ya achimwene, kumatsika mpaka mbali yanga. Pofika masana munda wonse unali mizere ya zikhomo yokhotakhota motsata phiri.

M'mbali mwa munda munadzaza anthu oonerera, ena atakweza mafoni. Ine ndinali kalikiliki kusongola zikhomo ndi chikwanje, ndipo mumtima ndinkati ajambuleni, mawa muzidzasirira. Sindinaganize n'komwe zimene munthu wa m'Blantyre amaona galimoto ya boma ikaima pamunda, anthu a majekete owala akukoka chingwe ndi kukhoma zikhomo. Amaona mapuloti. Minda yambiri yozungulira tauni yathu inatha motero, ndipo ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kukuuzani.

Madzulo a tsiku limenelo ndinadya mpaka kukhuta, koyamba m'miyezi yambiri. Ndinawafotokozera a Marko za kadontho ka m'kalevulo, iwo n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa imene imamverabe.

Patangopita masiku ochepa ndinakwera kumunda ndi khasu, n'kupeza zikhomo zonse palibe. Panangotsala timaenje. Ndinaganiza kuti ndi ana otola nkhuni, ndipo ndinatsika phiri ndikulalata, kudutsa nyumba ndi nyumba, kuuza amayi anzanga kuti ngati makala awakanika kugula anene tiwasonkhere. Ena anatseka zitseko. Ena anangondiyang'ana mwachilendo, maso oti akudziwa kanthu kena, koma ine ndinayesa ndi manyazi.

Kuti zikhomo zibwerere panafunika a Clara ndi kalevulo kawo, ndipo a Clara anali munthu mmodzi, njinga imodzi, mapiri ambirimbiri, mafuta ochita kugonera pamzere. Ndinawaimbira mpaka ndikukhulupirira kuti nambala yanga anailoweza. Dzuwa linkawotcha ngati likulipidwa. Madzulo alionse mitambo inkasonkhana cha ku Mulanje, n'kuchita ngati ikubwera, kenako n'kubalalika. Ine ndinkapita kuseri kwa nyumba, kuyang'ana chigwembe, kulowa m'nyumba, kutulukanso kukayang'ana ngati kuti chasuntha ndili mkati.

Tsiku lina a Clara anabweradi, ndipo ndi anthu a m'gulu la alimi limene tinakhazikitsa tinakhomanso munda wonse. Ulendo uno zikhomo sizinathe sabata. M'mawa wina potsegula chitseko ndinazipeza pakhonde, zonse, zitasanjidwa bwinobwino, zitamangidwa ndi waya wopotedwa ndi pulayala. Ana otola nkhuni sabweza nkhuni, ndipo sayenda ndi pulayala. Ndinapempha aneba kuti aziwasuzumira a Marko, ndinamanga chitenje, ndinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Ndirande.

Achimwene ndinawapeza atawerama pa geti lachitsulo, moto ukuthetheka. Atandiona anavula magalasi akuda aja, koma mpando sanandipatse.

"Wabwera, Petro."

"Achimwene, zikhomo zanga mukuzuliranji?"

"Zako? M'munda wa ndani?"

"Ndi za akalozera. A boma akufuna tigwire madzi kumtunda kuti..."

"A boma." Anaseka pang'ono. "Zithunzi ndinaziona, anthu ananditumizira pafoni. Galimoto, majekete, chingwe. Ukundiyesa mwana? Ine ndimakhala ku Machinjiri. Pomwe pali nyumba yanga paja panali munda wa munthu. Zinayamba chimodzimodzi, chingwe ndi zikhomo. Mwini wake anali kuchipatala, potuluka anapeza achibale amaliza zonse."

"Puloti imakhala ya makona anayi. Zikhomo zanga zikukhota ndi phiri. Simunaone zimenezo?"

"Ndinaona zoti zadutsa ndi mbali yanga yomwe."

"Chifukwa madzi amachokera kwanuko."

"Ndamvanso zoti mukufuna kudzala vetiva. Tandiuza, Petro, vetiva timadzala pati? Si m'malire? Udzu woti sufa, olo uwotche umaphukanso. Lero udzala mzere, pakapita zaka uzidzati malire ndi awa, anasiya ndi mayi. Ndipo abale adzakuikira kumbuyo poti ndiwe wamkazi. Ine ndidzakhala ndani?"

Apa sanali kunama. Kwathu vetiva, nkhadze ndi khonje ndi zomera za m'malire, ndipo munthu ukamuona akudzala mzere wa zimenezi umadziwa kuti akunena kuti apa ndi panga. A Clara amatcha vetiva msomali wa nthaka, koma a Clara sanakulire pabanja pathu. Ndinayesa kufotokoza za kalevulo, za makasu, za gulu. Mawu anga ankamezedwa ndi phokoso la zitsulo, ndipo anzawo ogwira nawo ntchito anali atasiya zochita n'kumamvetsera poyera.

"Bwerani mudzaone khoma lathu," ndinatero. "Mudzaone pomwe chigwembe chafika. Alamu anu sangathawe, mukudziwa."

"Ndibwera ndikapeza mpata."

Mawu akuti mpatawo ndi amene anandiyatsa. Kutali cha kum'mawa kunamveka kugunda, ndipo ine ndinali nditasiya munthu wodwala m'nyumba yolendewera pachigwembe kudzaima padzuwa ngati wopempha ganyu.

"Achimwene, ndikanafuna kugulitsa mundawo bwenzi ndikubwera kuno kudzakugwadirani? Munda ndi wa ana aakazi. Nditha kugulitsa mawa lomwe, inu n'kudzamvera kwa anthu."

Anatola ndodo yawo yowotcherera. Kenako anabwezera magalasi kumaso.

"Chabwino. Ndamva," anatero, n'kuyatsanso moto wawo.

M'minibasi pobwerera ndinkadziona ngati ndapambana. Ndinachita kugula nthochi pa Limbe.

Kupambanako sikunandithandize kanthu. A Clara anati sangalole kuti tikweze akalozera mbali yanga yokha, kumtunda kuli kosagwira, chifukwa tikatero tisonkhanitsa madzi n'kuwaponyera panyumba panga tokha. Anapempha nambala ya achimwene kuti alankhule nawo okha. Anaimba, foni sinayankhidwe. Gulu silikanadikira banja limodzi, choncho linasamukira m'munda woyandikana ndi wathu, wa a Jailosi, bambo wina wopuma pantchito ya njanji. Ine ndinakagwira nawo. Ndinakumba ngalande, ndinaunda kalozera, ndipo lole ya vetiva itafika ndinadzala nawo mzere ndi mzere m'munda wa eni, dothi ndikuliponda mwaukali ngati landilakwira. Ndikadzutsa mutu ndinkaona munda wa mayi pambali pomwepo, mizere yake ikulozabe padenga la nyumba yanga.

Mvula ya chizimalupsa inawaza tsiku lina masana, yongonyowetsa fumbi. Ndinasiya diresi la mkwatibwi pamakina n'kuthamanga kuchokera pamsika mpaka kunyumba, kukapeza m'chigwembe mukungoyenda kamadzi kochepa. Ndinatolera matumba akale, kudzazamo mchenga, kusanja m'mphepete mwa khoma. Ndinasuntha bedi la a Marko kulichotsa kukhoma. Mawa lake ndinalisunthanso. Chakudya chinkandikanika, ulusi unkaduka, ndipo mwana wina wa sukulu ndinamusokera malaya mkono umodzi wautali kuposa unzake.

Gulu litapita kukagwira kuseri kwa phiri, ine ndinatsalira. Kunali madiresi a ukwati oti ndimalize, kunalinso kupita ndi a Marko kuchipatala kukatenga mankhwala, ndiye panapita masiku ndisanakwere kumunda. M'mawa wina ndikuchapa, ndinamva mapiki akulira kumtunda. Ndinaganiza kuti mwina achimwene afewa mtima, atumiza aganyu awo. Ndinasiya zovala m'beseni n'kukwera, manja ali thovu.

Chinangwa cha achimwene chinali chitazulidwa. M'makona anayi munali mabikoni osonyeza malire a puloti, enieni, asimenti. Amuna anali kudula phiri kuti apeze malo osalala omangapo, ndipo anali atalowa kale mozama, khoma la dothi lofiira litaima kumbuyo kwawo. Dothi lonse lokumbidwalo ankalituta pawilibala n'kukalikhuthula pamalo amene anaona kuti ndi apafupi ndiponso opanda mwini, pamutu penipeni pa chigwembe. Mulu wake unali utandipitirira msinkhu.

Bambo wina wovala shati yoyera anabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Anati ndi a Duncan, mphunzitsi, wakhala zaka zambiri m'nyumba ya lendi ku Zingwangwa.

"Ndagula kwa a Gregorio, amayi. Mboni zinalipo, ndipo kwa amfumu tinapita. A Gregoriowo anandiuza kuti kumunsiku kukudulidwanso mapuloti, ndiye ndinati bola, tikhala ndi maneba."

Ndinafuna kumuda munthuyo koma zinakanika. Nkhope yake inali ya munthu amene wapeza pake patatha zaka zosamukasamuka, ndipo nkhope imeneyo ndinaiona kale pa a Marko tsiku lomwe tinakhoma malata. Ndinamugwira dzanja n'kupita naye pamphepete, kumulozera mulu wa dothi, chigwembe, ndi denga lathu pansipo. Anaona zonsezo. Kenako anati apeza lole Loweruka ichotse dothilo, ndipo anauza anthu ake kuti asiye kukumba. Tonse tinayang'ana kumwamba. Mitambo ya tsiku limenelo sinali yobalalika, ndipo Loweruka linali kutali.

Ndinaimbira achimwene. Ulendo uno anayankha msanga.

"Mwagulitsa," ndinatero.

"Ndagulitsa mbali yanga. Umati ndidikire kudzamvera kwa anthu?"

"Bwerani mudzaone chimene mwagulitsa."

Sindikudziwa ngati akanabwera chifukwa cha ine. Koma a Duncan nawo anawaimbira, kuwauza kuti pamalopo pali nkhani, ndipo masana omwewo achimwene anatulukira akukwera phiri ndi ovolosi yawo ya kuntchito, nkhope ili yokonzekera mlandu. Ine ndinali nditayamba kale kukankha dothi lija ndi khasu pamodzi ndi anthu a a Duncan, ntchito yofanana ndi kuphwetsa dziwe ndi supuni.

"Nkhani yake ndi yotani?" anafunsa achimwene. "Iwe zako ukudula, ine ndalankhula?"

Pomwepo dontho loyamba linandigwera pakhosi. Linali lalikulu, lozizira. Mphepo inawomba kuchokera kuseri kwa phiri, kunada, ndipo mvula inafika yonse nthawi imodzi. Anthu okumba aja anathawira pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi achimwene tinatsala pamalire a munda wa mayi ndi wa a Jailosi.

Kwa a Jailosi madzi ankatsika pang'ono n'kukumana ndi kalozera, n'kuima. Ankangodzaza m'ngalande mopingasa phiri, phee, mzere uliwonse ndi madzi ake, timitu ta vetiva titasuzumira pamwamba. Zikhomo zina zinali zikadalipo m'mizeremo, zofanana ndendende ndi zimene zinabwezedwa pakhonde panga. Kwathu madzi ankatsetsereka pakhoma lodulidwa lija, kusonkhana pamalo osalazidwawo, ofiira, n'kumakankha mulu wa dothi. Muluwo unayamba kunyenyeka m'munsi.

Achimwene anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anapukuta madzi kumaso ndi chikhatho, n'kuyang'ananso kwa a Jailosi.

"Zikhomo zija zinali za zimenezi?"

"Ndinakuuzani."

"Alamu ali m'nyumba?"

"Angakhale kuti?"

Anatembenuka. Anathamanga. Kuyambira tili ana ndinali ndisanawaonenso akuthamanga, munthu wamkulu wa mimba yake, akutsetsereka, kugwa, kudzuka. Ine ndinali pambuyo pawo, ndipo kumbali kwathu chigwembe chinali chitayamba kulira. Sanali madzi okha. Linali phala lofiira lolemera, lotenga miyala ndi zitsa za chinangwa, ndipo linkatsika mofulumira kuposa ife. Pamene chigwembe chimakhota kuseri kwa nyumba, matopewo sanakhote. Anadzaza, anakwera pamatumba anga a mchenga ngati palibe kanthu, n'kukatsamira khoma.

Polowa m'nyumba tinapeza madzi ali m'akakolo, akulowera pansi pa khoma la kuchipinda. A Marko anali atadzikoka ndi dzanja limodzi mpaka m'mphepete mwa bedi, maso ali pakhomo. Pakhoma panali mng'alu umene m'mawa kunalibe, ndipo unkatseguka tikuona.

"Alamu, gwirani khosi langa," anatero achimwene, atagwada m'madzimo.

Ndinawakweza a Marko kumsana kwawo, ndinakoleka dzanja lakufalo paphewa, ndinawafunditsa bulangete. Sindinatenge china chilichonse. Tinatulukira khomo lakumaso, kudutsa pabwalo madzi akutikoka miyendo, mpaka pakhonde la aneba kutsidya kwa njira.

Tisanafike bwino pakhondepo kumbuyo kwathu kunamveka chiphokoso. Sichinali chachikulu monga ndinkachiganizira miyezi yonseyi. Chinangomveka ngati matumba a chimanga akugwa palole. Nditacheuka, khoma lakuseri kunalibe, la m'mbali linali likutsatira, ndipo denga linagwada mbali imodzi, malata akulira. Kabati yanga ya mbale inayandama pang'ono n'kupendekeka. Mantha amene ndinakhala nawo nthawi yonseyi anandichoka, ndipo m'malo mwake munalowa chisoni cholemera. Ndinakhala pansi pakhonde la eni.

Achimwene anali chiimire, akupuma movutika, a Marko ali kumsana. Achimwenewo nawo anali atacheuka ndipo anaona zonse. Koma a Marko nkhope yawo inali itakanikizika paphewa la achimwene, bulangete litawaphimba kumutu, ndipo khosi lawo silitembenuka lokha.

"Alamu," anatero a Marko, lilime likukokeka. "Nyumba ija... ili bwanji?"

Achimwene, munthu woti sasowa yankho pamaliro kapena pamlandu, anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana, maso akundipempha kuti ndiyankhe ine.

"Auzeni ndinu, achimwene," ndinatero. "Akufunsa inu."